Mawu a Apongozi m'Kabati ya Zovala

Kabati ya m'chipinda chogona cha a Mawaya inali itasiya kale ntchito yosunga zovala. Masuti awo awiri ankalendewera pamsomali kuseri kwa chitseko, madiresi a akazi awo anali opinda m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo m'kabatimo, pamalo abwino opita mphepo, munkakhala mwini nyumba weniweni: kompyuta yakale yakuda, yopanda chivindikiro mbali imodzi, imene a Mawaya ankaitcha seva. Pamwamba pa kabatiyo panali katoni ya zinthu zimene anazimasula kuti adzazikonze tsiku lina, tsiku limene kalendala iliyonse inaiwala kulilemba. Sevayo inkalira osapuma, kaphokoso kapansipansi ngati firiji ya m'golosale. Mlendo akafunsa kuti chikulira n'chiyani, a Mawaya ankayankha atakweza chibwano kuti, "Umenewo ndi ufulu."

Dzina la Mawaya anawapatsa ndi mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, tsiku limene mlamuyo anakodwa ndi waya wabuluu wodutsa pakhomo la pabalaza n'kudzithira tiyi. Kuntchito a Mawaya anali munthu wabwinobwino, wojambula mapulani a nyumba. Matenda ankayamba akaweruka. Loweruka lililonse masana ankakumana ndi anzawo anayi okonda makompyuta, sabata ino kwa uyu, yamawa kwa uyo, ndipo chipembedzo chawo chinali chimodzi: mapulogalamu otseguka, aja amene munthu aliyense angathe kuona mmene anawapangira, kuwasintha ndi kugawirako mnzake popanda kupempha chilolezo ku kampani. Mfundoyo ndi yabwino, sitikana. Koma anzathu ena mankhwala akawakomera amamwa botolo lonse tsiku limodzi.

Akazi awo anali telala, makina awo osokera ali pabalaza pafupi ndi windo. Bambo a mayiwa anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo zala zawo zinali zazikulu moti akafuna kudina chilembo chimodzi pafoni ankadina zitatu. Choncho sankalemba. Ankangodina kabatani n'kuyamba kulankhula, m'mawa uliwonse, kwa mwana wawo woyambayu, poti ndi amene ankakhala pakhomo n'kumamvetsera uku akusoka. Ankanena za mvula, za bondo lawo, za madalaivala a masiku ano amene sadziwa kusintha giya. Nthawi zina ankangoimba. Pamene ankamwalira, mufoni mwa mwana wawo munali mauthenga 312.

Patatha mwezi chichitikireni maliro, a Mawaya anaona kuti nthawi yoonetsa chikondi chawo yakwana.

"Mawu a bambo muwasiye m'manja mwa makampani, mayi? Mawa akatseka mudzalirira kuti? Bweretsani ndiwasunge m'nyumba mwathu mom'muno, pa loko woti ngakhale boma silingathyole."

"Nanga mufoni mwangamu mukufufutiranji?"

"Foni imabedwa. Foni imagwera m'madzi. Ine ndipanga makope atatu, atatu! Komanso ndikuikirani pulogalamu ina yotumizira mauthenga, yotseguka, yopanda kazitape."

Mayiwo anali asanaume misozi, analibe mphamvu zolimbana ndi munthu. Anapereka foni. A Mawaya anakopera mauthenga onse m'seva, anatseka akaunti yakale, anapukuta foniyo mpaka mbee, kenako anachitanso chimodzimodzi ndi foni ya malemu kuti apongozi aakazi aziigwiritsa ntchito. Pa pulogalamu yatsopano ija, munthu yekhayo amene akazi awo akanatha kumutumizira uthenga anali a Mawaya eni ake, amene ankakhala nawo nyumba imodzi.

Chaka chonse mayiwo sanapemphe kumva uthenga ngakhale umodzi. Ankaopa. Koma Lachinayi lina, akudula nsalu, analankhula osatukula mutu.

"Loweruka amayi akubwera ndi mng'ono wanga, cha m'ma folo koloko. Ndikufuna timve mawu a bambo. Ndikuona ngati tsopano ndingathe."

"Zimenezo ndi za masekondi awiri," anatero a Mawaya.

Loweruka lomwelo inali nthawi yawo yolandira gulu, ndipo anali ataikonzekera kwa miyezi. Pakati pa anthu amenewa, ulemu wa munthu umayezedwa ndi masiku amene seva yake yatha isanazimepo. Ya a Mawaya inali pa masiku 999. Magetsi ankazima, koma batire lalikulu limene anaika pansi pa kabati, pamene kale pankakhala nsapato, linkaisunga yamoyo. Anzawo atafika anawalowetsa kuchipinda chogona mmodzimmodzi, ngati oona mwana wakhanda, kuti aliyense aone nambalayo ndi maso ake pasikirini.

Dokotala wa mano, munthu wofatsa wa gululo, anagwedeza mutu moyamikira. Koma panali Ndevu. Ndevu anali mphunzitsi wa masamu, ndipo m'moyo wake wonse anali asanaonepo chinthu cha mnzake chimene chinalibe cholakwika. Anawerama, anadina makiyi angapo, n'kuseka chapamphuno.

"Masiku 999 osazimitsa? Ndiye kuti mtima wa makinawa ndi wa zaka zitatu zapitazo, achimwene. Zibowo zonse zimene anthu anazitseka kalekale, kwanu kuno zikadali yasa. Wakuba atha kulowa muno ndi wilibala."

A Mawaya anamva kutentha m'makutu. Kunyozedwa nkhope akanapirira, koma kuuzidwa pamaso pa anthu kuti seva yawo ili ndi zibowo, ayi. Anakoka mpando n'kunena kuti aika zatsopano zonse pompano, Ndevu akuona, ndipo nambala ya masiku ipite kumene ikufuna. Nthawi inali itangokwana thu koloko.

Akazi awo anaima pakhomo la chipindacho, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Bwanji muyambe mwatiikira mawu a bambo pa fulashi, kenako muzisewera bwino?"

"Sitikusewera, mayi. Tikukonza."

"Chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe. N'chifukwa chake tikukonza chisanawonongeke."

Anzawo anaseka, poti yankholo linali lanzeru kwambiri. Mayiwo anawayang'ana amuna awo kanthawi, kenako anabwerera ku makina awo.

Zilembo zinathamanga pasikirini kwa mphindi makumi awiri, zoyera pa mdima, ndipo amuna asanu akuluakulu anaziyang'ana mwaulemu ngati pali amene akuziwerenga. Pomaliza makina anapempha kuti azimitsidwe n'kuyatsidwanso. A Mawaya anadina batani ndi chala chimodzi, maso ali pa Ndevu. Kaphokoso kaja kanatha. Kwa nthawi yoyamba m'zaka pafupifupi zitatu m'chipindamo munali zii, moti ankamva makina osokera ali tchaka tchaka pabalaza. Kenako seva inadzuka, inalira, n'kulemba mzere umodzi wokha: ikufuna pasiwedi yotsegulira disiki.

Apa ndi pamene panali loko uja woti ngakhale boma silingathyole. Zonse za m'disikimo zinali zosokonezedwa mwadala, kuti munthu wopanda pasiwedi akaba makinawo apezemo zinyalala zokhazokha. Pasiwediyo imafunika pongoyatsa basi, ndipo a Mawaya anailemba kamodzi kokha, masiku 999 apitawo. Sinali dzina la mwana kapena tsiku lobadwa, zimenezo ndi za mbuli. Inali ya zilembo makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu zosakanizika, yopangidwa ndi makina, yoti mutu wa munthu sungasunge.

"Musadandaule," anatero akumwetulira. "Ili m'pulogalamu yanga yosungira mapasiwedi."

Anatulutsa foni n'kutsegula pulogalamuyo. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, kenako kanati sikakuipeza seva.

Anayesanso. Kanazungulira.

Pulogalamu yosungira mapasiwedi anali atalekeratu kuisunga ku kampani, monga mwa chiphunzitso. Anaisamutsira kunyumba zaka ziwiri zapitazo, ndipo gulu lonse linawaombera m'manja. Inkakhala m'seva momwemo. Foni anaiuza dala kuti isamasunge kope lililonse, chifukwa foni imabedwa, foni imagwera m'madzi. Kiyi wa nyumba anali patebulo m'kati mwa nyumba yokhomayo, mwini wake ali panja.

Dokotala wa mano, amene anazolowera kuona anthu akuchita mantha pampando, analankhula mofatsa.

"Kope lachiwiri lilipo?"

Linalipo. A Mawaya anasolola disiki ina m'dilowa ya masokosi n'kuilumikiza ku laputopu. Inapempha pasiwedi yomweyo.

"Lachitatu?"

"Lili kwa Ndevu. Limapita lokha pa netiweki Lamlungu lililonse."

"Lilikodi," anatero Ndevu, "koma munalikhoma ndi kiyi yemweyo. Paja munati simungandikhulupirire, ndingamaone zithunzi za banja lanu."

Wina anafunsa ngati loko wotere angathyoledwe poyesa mapasiwedi onse mmodzimmodzi. Funso limenelo linamusangalatsa Ndevu kuposa chilichonse chimene anamva chaka chimenecho. Anapempha pepala ndi bolopeni, anakhala pabedi la eni ake, n'kuchulukitsa manambala kwa mphindi zisanu.

"Titasonkhanitsa makompyuta onse a padziko lapansi," analengeza, "dzuwa liyamba lazima iwo asanafike theka. Ndi loko wabwino kwambiri, achimwene. Ndikukuyamikirani."

Kenako gululo linachita chimene limadziwa bwino. Mmodzi anati vuto ndi mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa makinawo, umene a Mawaya anasankha, akanaika umene iye amagwiritsa ntchito. Wina anati ayi, mtunduwo ulibe mlandu, ndipo wa mnzakeyo ndi wa ana asukulu. Anakokanakokana kwa theka la ola, mitsempha ya m'khosi itaima, pa nkhani imene sinakhudzane n'komwe ndi pasiwedi. A Mawaya sanamve chilichonse. Anakhuthula madilowa, anagwedeza mabuku kuti mwina mugwa kapepala, anayang'ana kuseri kwa rauta, kabokosi ka intaneti, ngakhale ankadziwa bwino kuti kapepala kulibe. Ndi iwo omwe anaphunzitsa gululi, Loweruka lina, phunziro la ola lathunthu lakuti pasiwedi yolemba papepala ndi mphatso kwa wakuba.

Nyani akasowa pogwira amagwira ndi nthambi youma yomwe. Anapita pabalaza, anaima pafupi ndi makina osokera, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, buku lanu lija la miyezo. Kumapeto kuja kumene munkalemba mapasiwedi anu. Kodi tsiku lina sindinakuuzeni kuti mulembemo kena kake kanga?"

Mayiwo anaimitsa phazi.

"Tsamba limene lija munang'amba. Munati ndi umbuli."

Sanafunse chimene chachitika. Anangoyang'ana nkhope ya amuna awo, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo manja awo anasiya nsalu.

Kunja kunamveka kugogoda. N'zodabwitsa mmene anthu anayi amene analibe kopita masana onse anakumbukira pa nthawi imodzi kuti ali ndi zochita. Dokotala wa mano anawagwira paphewa a Mawaya potuluka. Ndevu anasiya pepala lake la masamu pa pilo, mwina kuti likhale chitonthozo.

Apongozi analowa atavala diresi lawo labwino, limene mwana wawo anawasokera, chikwama atachigwira ndi manja awiri. Pambuyo pawo panali mlamu, akutafuna chingamu, ndipo anadumpha waya wabuluu uja osayang'ana pansi, poti anali ataphunzira. Atalonjerana, apongozi anakhala pasofa, mawondo pamodzi, n'kutulutsa kansalu kopukutira misozi n'kukaika pamwendo. Anabwera atakonzeka.

A Mawaya anakhala pampando wa pulasitiki, kumphepete kwenikweni.

"Amayi, choyamba ndinene kuti mawu a bambo alipo. Onse 312. Palibe uthenga umene watayika ngakhale umodzi. Ali malo atatu osiyana, otetezeka bwino kwambiri."

"Zikomo, mwana wanga. Ndiye tiyeni timve."

"Sitingamve."

"Magetsi?"

"Ayi, amayi. Ndi otetezeka kwa ife tomwe."

Anayesa kufotokoza. Ananena za disiki, za loko, za pulogalamu imene ili m'kati mwa chinthu chimene iyo yomwe imayenera kutsegula. Mawu aakulu amene ankawathandiza Loweruka lililonse lero ankatuluka opanda mafuta. Apongozi ankangogwedeza mutu mwaulemu, osamva kanthu, mpaka anafunsa funso limodzi.

"Ndiye tidzamva liti?"

Mlamu anasiya kutafuna.

"Alamu, tandiuzani bwino. Mwatsekera kiyi m'kati?"

"Mwachidule tingatero."

"Inu amene mumajambula mapulani a nyumba za anthu? Paja akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndinkayesa ndi mwambi chabe, osadziwa kuti munthuyo tinamukwatitsa achemwali anga."

Palibe anaseka, ngakhale mlamu mwini wake. Akazi a a Mawaya sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anakhala pampando wawo wosokera atafulatira onse, akuyang'ana pawindo, mapewa okha akugwedezeka. Chaka chonse anasonkhanitsa mphamvu zoti amve bambo awo akunena za bondo ndi za mvula, ndipo tsiku limene mphamvuzo zinakwana, mawuwo anali kuseri kwa khoma, mamita anayi kuchokera pamene anakhala. A Mawaya anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo anamva chisoni, chifukwa mkuluyo ankamukonda, ndipo mkaziyu ankamukonda koposa. Apongozi anapinda kansalu kaja pang'onopang'ono n'kukabwezera m'chikwama.

Mlamu ndiye anali akukanda foni yake. Inali foni yosweka galasi pakona, yodzaza zithunzi zikwi zisanu ndi zinayi, mavidiyo a anthu akugwa pa njinga, ndi mauthenga a m'magulu amene anatha kalekale. Kwa zaka ziwiri a Mawaya ankamupempha kuti awapatse aipukute n'kuikamo zotseguka, iye n'kumayankha kuti foni yake ndi mswachi, sabwereketsa.

"Tadikirani," anatero. "Achemwali, bambo ine ankangondiimbira, sankanditumizira mauthenga. Koma pali umodzi umene munandiponyera inu kalekale, tinaseka tsiku lonse. Ine sindifufuta kanthu."

Anayamba kubwerera m'mbuyo, mwezi ndi mwezi. Foniyo inkaima, n'kuganiza, n'kupitiriza. A Mawaya ankadziwa bwino chimene chinkaichedwetsa ndi mmene angachithetsere, ndipo analuma lilime mpaka kumva kuwawa. Zinatenga mphindi khumi. Kenako mlamu anakweza voliyumu n'kuika foniyo patebulo, pakati pa zidutswa za nsalu.

Kunamveka phokoso la msewu, hutala ya galimoto patali, ndi kutsokomola kumene aliyense m'chipindamo anakudziwa nthawi yomweyo. Apongozi anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, wadzuka bwanji? Kuno tadzuka, bondo lokhali. Iwe, tamvera. Uwauze amuna akowo andibwezere wailesi yanga. Anaitenga kuti akaikonze, koma inkalira bwinobwino, ine sindinadandaule kwa munthu. Mwezi wachitatu uno, nkhani ndikumvera kwa aneba ngati mlendo. Ndi munthu wabwino, usamukalipire, koma manja ake amayabwa. Uwauze kuti chinthu chikamagwira ntchito azichisiya. Chabwino, amayi ako akundiitana. Usoke bwino."

Kenako kuseka kwawo kuja, kwa m'chifuwa, kumene kunaduka pakati chifukwa chala chachikulu chinachoka msanga pabatani. Masekondi makumi anayi ndi imodzi.

Wailesiyo inali m'katoni pamwamba pa kabati, zidutswa zisanu ndi chimodzi. A Mawaya ankafuna kuiika kakompyuta kakang'ono m'kati kuti mkuluyo azimvera mawailesi a dziko lonse lapansi pa intaneti.

"Bwerezanso," anatero apongozi.

Mlamu anabwereza. Ulendo wachiwiri apongozi anaseka pa mawu akuti ngati mlendo, misozi ikutsika, kansalu kaja kaiwalika m'chikwama. Ulendo wachitatu akazi a a Mawaya anachoka pampando wawo n'kudzagwada pafupi ndi tebulo, khutu lili pafupi ndi galasi loswekalo, milomo ikutsatira mawu a bambo awo. Usoke bwino. Anamvera kachinayi, kachisanu.

A Mawaya anakhala chete nthawi yonseyo, ndipo tiwayamikire, chifukwa kwa iwo inali ntchito yaikulu. Koma maso awo sanachoke pa foniyo. Batire lake linali pa 9 peresenti. Galasi losweka. Kope limodzi lokha padziko lonse, m'manja mwa munthu amene amaika foni m'thumba la kumbuyo n'kukhalira. Mantha awo anali oona, ndipo ulendo uno anali kunena zoona. Anakonza kukhosi.

"Alamu, uthengawo uli malo amodzi okha, n'zoopsa. Mutandibwereka foniyo mphindi ziwiri zokha, ine ndi..."

Akazi awo anatola foniyo patebulo. Sanafulumire. Anaipukuta galasi ndi kansalu kotsala pa diresi la munthu, anaiika m'thumba la epuloni yawo, n'kuphimba thumbalo ndi dzanja. Kuchipinda seva inali kulirabe, ikudikira pasiwedi yake.

"Bambo mwawamva," anatero mayiwo.